coreboot pa ThinkPad X230: chandigwira mtima ndi romstage, osati liwiro

Ndinene poyambirira pomwe kuti amene alibe nthawi asavutike kuwerenga mpaka pansi: coreboot pa ThinkPad X230 ndi yabwino, ndimaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndipo ku BIOS ya kufakitale sindibwererakonso. Koma chimene anthu ambiri amaitamira, choti imayatsa makina mwachangu, sichimene chandigwira mtima ine. Liwiro lilipo inde, ukadina batani logo yodikirira ija kulibe, koma chenicheni chimene ndikulipirira nthawi yanga ndi chakuti zambiri zimene laputopu imachita isanaonetse kanthu pa sikirini, mu sekondi yoyamba ija, pano ndimatha kuziwerenga ndekha mzere ndi mzere. Pa makina a kaunjika ngati amene ambirife timagula, okhala ndi RAM yosadziwika kumene yachokera, chimenechi ndi chinthu chachikulu kwambiri.

Kwa amene sakuidziwa, coreboot ndi firmware (pulogalamu yoyamba imene imadzutsa kompyuta ukaiyatsa) yaulere imene code yake ili poyera, imalowa mmalo mwa BIOS kapena UEFI imene imabwera ndi kompyuta. Inayamba mu 1999 ku Los Alamos National Laboratory ku America, nthawi imeneyo ikutchedwa LinuxBIOS, woyambitsa wake Ron Minnich, ndipo dzina la coreboot linabwera mu 2008. Ma Chromebook pafupifupi onse amayaka ndi coreboot, nde ngati munagwirapo Chromebook ndiye kuti munaigwiritsapo kale ntchito osadziwa. Makampani ngati System76, Purism ndi Star Labs amagulitsa ma laputopu atsopano ali nayo kale. Ine yanga ndi X230 ya 2012, purosesa i5-3320M ya banja la Ivy Bridge, chipset QM77, ma slot awiri a DDR3 ofika 16GB. Makina okalamba ndithu, Windows 11 sawavomereza ndipo Windows 10 inasiya kulandira ma update wamba pa 14 October 2025, koma ndi SSD ndi Linux amagwira ntchito bwinobwino.

Tsopano tiyeni tilowe pamene pali nkhani. Mukadina batani la power, purosesa imadzuka ilibe chilichonse, RAM ili pa bodi pomwepo koma siingagwiritsidwe ntchito chifukwa palibe amene wayikonza, sikirini ili zii, USB kulibe, hard drive siikudziwika nkomwe kuti ilipo. Chimene purosesa ya x86 imadziwa ndi adiresi imodzi basi yotchedwa reset vector, 0xFFFFFFF0, ma byte 16 pansi pa 4GB, ndipo chipset imalozetsa adiresi imeneyi ku tchipi ya flash pa bodi. Pamenepo ndi pamene pamakhala kachigawo koyamba ka coreboot kotchedwa bootblock. Kamayamba mu 16-bit monga mmene makompyuta ankayambira zaka za m'ma 1980, kenako pompopompo kamasinthira ku 32-bit. Vuto ndi lakuti code ya C imafuna stack, malo oika manambala ake ikamagwira ntchito, ndipo stack imakhala mu RAM, RAM yomwe sinadzuke ija. Nde amatani? Amatenga cache ya mkati mwa purosesa momwemo, amaiuza kudzera mu ma MTRR, ma register oyang'anira cache, kuti isunge zinthu osazitaya kwina kulikonse, ndiye cache ija imakhala RAM yongoyembekezera. Amati cache-as-RAM, ena amangoti CAR. Zili ngati kulemba nambala ya foni pa dzanja poti pepala lilibe pafupi, malo ndi ochepa koma akukwanira mpaka upeze kope. Kale akuluakulu a LinuxBIOS analinso ndi compiler yawoyawo, romcc ya Eric Biederman, imene inkasandutsa C kukhala code yogwiritsa ntchito ma register okhaokha popanda stack. Anaichotsa pambuyo pake CAR itakhazikika paliponse, koma ine ndikaganiza kuti munthu anakhala pansi kulemba compiler yathunthu kuti angodutsa ka nthawi kochepa kameneka ndimawapatsa ulemu anthu amenewa.

Bootblock ikamaliza imafufuza mu CBFS, kamene ndi kadongosolo ka mafayilo ka mkati mwa flash, nkupeza gawo lotsatira lotchedwa romstage. Apa mpamene pali ntchito yovuta kuposa zonse mu firmware yonse, kudzutsa RAM, eni ake amati raminit. Pa kamtengo kalikonse ka RAM pali katchipi kakang'ono kamiyendo 8 kotchedwa SPD, mukayang'anitsitsa pakati pa kamtengo ka RAM ya laputopu yanu (SODIMM) mukaona, ndipo muli zolembedwa za kukula kwake, liwiro lake, ma timing ake. Romstage imakawerenga kudzera pa SMBus, ma adiresi oyambira pa 0x50, nkuona kuti timitengo tiwiri timeneti tingagwirizane pa liwiro liti ndi CAS latency iti. Mpaka apa nzosavuta. Chovuta ndi training. DDR3-1600 imatumiza ma bit 1600 miliyoni pa sekondi pa waya uliwonse, kutanthauza kuti bit imodzi imakhala ndi 0.625 ya nanosecond yokha, ndipo mu nthawi imeneyo signal mu njira za kopa za pa bodi imayenda pafupifupi masentimita 10 basi. Njira zimenezi sizofanana kutalika, matchipi a RAM sali ofanana ndendende, kutentha kumasintha zinthu, nde memory controller singangoganizira kuti data ifika nthawi yanji. Imayenera kuyesa. Imalemba pattern, nkuwerenga, nkusuntha delay pang'ono, nkuwerenganso, kusunthanso, mpaka ipeze pamene zimayamba kulondola ndi pamene zimasiya kulondola, kenako imakhazikika pakatikati. Imachita zimenezi pa byte lane iliyonse, pa rank iliyonse, pa channel iliyonse, powerenga payokha polemba payokha, kuphatikiza write leveling chifukwa mu DDR3 clock imadutsa matchipi motsatizana nde imafika pa tchipi yomaliza mochedwerapo kusiyana ndi yoyamba. Zonsezi zikuchitika inu chala musanachichotse bwinobwino pa batani.

Chifukwa chimene ndinasankhira X230 osati laputopu yatsopanoko ndi ichi: pa Sandy Bridge ndi Ivy Bridge raminit imeneyi ndi code yotseguka yeniyeni. Intel siinapereke zolemba zake poyera, anthu ngati Vladimir Serbinenko ndi Damien Zammit anachita kufufuza okha mmene memory controller imagwirira ntchito nkulemba code yawo, ena ngati Patrick Rudolph ndi Angel Pons anadzaikonza ndi kuiyeretsa pambuyo pake. Mukatsitsa source ya coreboot, lowani mu src/northbridge/intel/sandybridge, mafayilo oyamba ndi raminit ali momwemo, mutha kuwawerenga. Sindinena kuti ndi zomveka tsiku limodzi, muli ma register ambiri ndi manambala oti mutu umazungulira, koma zilipo ndipo mukafuna kudziwa chifukwa chimene RAM yanu ikuyendera pa liwiro lakutilakuti yankho lili mu fayilo imene mungatsegule. Pa makina atsopano a Intel sizili choncho. Kumeneko coreboot imaitana FSP, Firmware Support Package, imene ndi binary yotseka ya Intel yogawidwa patatu: FSP-T yokonza CAR, FSP-M yodzutsa RAM, FSP-S ya zotsala za silicon. Ndiye kuti gawo lenileni lija likuchitika mu bokosi lotseka, coreboot imangopereka ma setting nkudikira kuti bokosi libweze yankho. Sindikunyoza, coreboot ya FSP ndi yabwinobe kuposa firmware yotseka yonse, koma wogula adziwe kusiyana kwake chifukwa otsatsa malonda ambiri amangolemba kuti open source firmware osatchula kuti raminit ndi ya ndani. Ku AMD nako kwakhala AGESA, code ya AMD yogwira ntchito yomweyi, kwa zaka zambiri, mu 2023 analengeza openSIL yomwe cholinga chake nkutsegula gawo limeneli, ndipo ndikuitsatira ndi chidwi.

Ndikupatseni chitsanzo cha mmene kutseguka kumeneku kumathandizira, osati zongoyankhula. Ndinagula kamtengo ka 8GB kachiwiri kwa ogulitsa zida zakale mtauni kuti ndifike 16GB, ndinaika, makina anayaka bwinobwino koma Linux ikuonetsa 8GB yokha. Pa BIOS wamba apa munthu umangoyamba kulota, kaya ndi slot yafa kaya ndi RAM kaya ndi bodi, ndipo wogulitsa amakuuza kuti kwa iye imagwira. Pa coreboot pali kapulogalamu kotchedwa cbmem, ukalemba cbmem -c kamakutulutsira logi yonse ya zimene firmware inanena kuyambira pachiyambi, chifukwa coreboot imasunga mauthenga ake ngakhale a nthawi ya CAR ija nkudzawasamutsira mu RAM ikadzuka. Mu logi muja ndinaona SPD ya timitengo tonse tiwiri yawerengedwa bwino, kukula kukuoneka, ma timing akuoneka, kenako training yalephera pa channel imodzi ndi mzere wakuti "RAM training failed, trying fallback", ndipo code inazimitsa channel yolepherayo nkupitiriza ndi inayo. Ndi mmene inalembedwera, mmalo mofa nayo yonse imayesa kuyaka ndi theka. Ndinasinthanitsa timitengo tija ma slot, kulephera kunasamukira ku channel inayo kutsatira kamtengo katsopano kaja, ndiye nkhani inathera pomwepo, slot zonse zili bwino, vuto ndi RAM. Ndinabwerera nako ndi logi pa foni ndipo anandisinthira popanda mkangano wautali. Kamene anandipatsa kanadutsa training, ndinakayesanso ndi memtest86+, pulogalamu yoyesa RAM, yomwe ndinaiika mu flash momwemo ngati payload yachiwiri (payload ndi pulogalamu imene coreboot imaipatsira makina ikamaliza ntchito yake), palibe error.

China chimene muyenera kudziwa chifukwa chimaopsa anthu: kuyatsa koyamba mukangoflasha, kutanthauza kulemba coreboot mu tchipi ya flash, kumachedwa. Sikirini imakhala yakuda kwa kanthawi, mtima umagunda ndithu poganiza kuti makina apita, koma ndi training yathunthu ikuchitika. Ikatha, zotsatira zake zimasungidwa mu flash mu gawo lotchedwa MRC cache, ndipo ulendo wotsatira romstage imangoyang'ana ngati SPD ndi yomwe ija, ikakhala yomweyo imabwezeretsa manambala osungidwa aja osayambiranso. Mukasintha RAM imazindikira nkuchitanso training. Cache yomweyi ndi imene imapangitsa kuti sleep igwire, chifukwa podzuka ku sleep (S3) simungachite training, ingafufute zonse zimene zili mu RAM, nde manambala akale aja ndi ofunika. Pa ine sleep ndi resume zimagwira bwino, ndimatseka chivundikiro ndikutsegula kangapo pa tsiku osaona vuto. Mukafuna manambala a liwiro, cbmem -t imakuonetsani nthawi imene gawo lililonse latenga mu ma microsecond, bootblock, romstage, ramstage mpaka kulumphira ku payload, ndipo pa makina anga cache ikakhalapo zonsezi zimatha mu sekondi imodzi kapena kuchepera.

Zotsatira pambuyo pa RAM sindikhalitsapo. Pali postcar imene imagwetsa CAR ija nkusamukira mu RAM yeniyeni, kenako ramstage imene imawerenga zida za pa PCI, kudzutsa ma core ena, kukonza ma tebulo a ACPI ndi kuyatsa sikirini. Kuyatsa sikirini nako kuli ndi code yotseguka, libgfxinit, yolembedwa mu SPARK ya chilankhulo cha Ada ndi Nico Huber, nde VGA BIOS ya Intel siifunika. Pomaliza payload, mumasankha nokha: SeaBIOS ngati mukufuna BIOS yachikale, edk2 ngati mukufuna UEFI, GRUB, kapena Heads kwa amene nkhani yawo ndi chitetezo. Ine ndili pa SeaBIOS.

Tsopano zoipa zake, chifukwa zilipo ndipo zina ndi zazikulu. Choyamba ndi chakuti gawo loyambirira lija likalephereratu, makina sanena kanthu. Logi ya cbmem ndi yokoma pokhapokha makina afike poyaka. Akafera mu bootblock kapena mu romstage mumangoona fani ikuzungulira, ka LED kayaka, sikirini bii, basi. Ma desktop ena ali ndi serial port kapena mutha kuikapo POST card yowerenga port 0x80, koma X230 ilibe serial port pathupi pake. Njira zilipo, pali EHCI debug yodutsa pa USB koma imafuna kachida kapadera ngati FT232H kapena BeagleBone Black, pali option yolemba logi mu flash momwemo kuti mudzaiwerenge ndi programmer (kachida kowerenga ndi kulemba tchipi ya flash kuchokera kunja), palinso spkmodem imene imatulutsa logi ngati phokoso pa sipika kuti kompyuta ina ijambule nkumasulira. Zonsezi zimagwira koma palibe imene ili ya munthu wongoyamba kumene, ndipo zida zakezo sizopezeka mu shopu ya pa kona, nzochita kuitanitsa kunja nkudikira. Apa coreboot ndimaichotsera ma maliki mosabisa, ngakhale ndikudziwa kuti vuto si la iwo okha, laputopu yeniyeniyo inapangidwa yopanda pakamwa.

Chachiwiri ndi kuika kwake. X230 ili ndi matchipi awiri a flash a SOIC-8, ina ya 4MB ina ya 8MB, pamodzi 12MB, ali pansi pa palmrest pafupi ndi slot ya ExpressCard, ophimbidwa ndi kapulasitiki kakuda komatira komwe mumachita kukatukula pang'ono. Ya 4MB, yam'mwambayo, ndi imene ili ndi mathero a BIOS kuphatikiza reset vector ija, ya 8MB ili ndi flash descriptor (mapu a magawo a flash), Intel ME (ndiifotokoza pansipa) ndi gawo la GbE, la netiweki ya waya, mmene muli MAC adiresi ya makina anu. Mumachotsa batire ndi chaja, kumasula kiyibodi ndi palmrest, kupana tchipi ndi kilipu, pin 1 ili pamene pali kadontho, nkuwerenga ndi pulogalamu ya flashrom kuchokera pa kompyuta ina. Werengani kawiri kapena katatu, yerekezani ma checksum, akasiyana ndiye kuti kilipu sinagwire bwino, musalembe kalikonse mpaka afanane. Makilipu otchipa aja amene amabwera limodzi ndi programmer mano ake amatha msanga ndipo amaterereka, kilipu ya Pomona 5250 ndi yodula koma imaluma bwino. Za programmer, CH341A yakuda ija ndi imene yafala chifukwa cha mtengo, koma ma bodi ambiri a mtundu umenewu amadziwika kuti amatulutsa 5V pa mawaya a data pamene tchipi ndi ya 3.3V, nde yezani ndi multimeter kaye kapena ikonzeni, apo ayi tengani Raspberry Pi Pico muikemo pico-serprog, ndi 3.3V yeniyeni. Ndipo kwathu kuno magetsi amatha kuzima nthawi ina iliyonse, chonde kompyuta yoflashira ikhale laputopu ya batire yodzadza, osati desktop yodalira soketi. Kukoma kwake nkwakuti ndi programmer wakunja ngakhale kulemba kutaduka pakati mumangoyambiranso, bola mafayilo oyambirira aja muli nawo.

Pali njira yosatsegula makina, 1vyrain, imene imadutsa pa chibowo cha chitetezo cha mu BIOS zakale nkulemba tchipi ya 4MB ija kuchokera mkati, pa X230 imafuna BIOS ya 2.60 kapena yakale kuposa pamenepo. Imagwira kwa ambiri, koma maganizo anga ndi akuti ngati mulibe programmer pafupi musayambe nkomwe, chifukwa image ikakhala yolakwika palibe chokubwezerani. Amene safuna kuchita compile okha, pali Skulls ya Martin Kepplinger yomwe ndi ma image okonzeka kale a X230 ndi anzake, palinso Libreboot ya Leah Rowe yomwe inayamba mu 2013 ndipo imakonza zonse ndi ma script ake. Kuchita compile nokha sikovuta kwenikweni koma make crossgcc imatenga nthawi yaitali ndipo imatsitsa source ya GCC ndi zina, nde bandulo yanu ikhale yokwanira musanayambe.

Chachitatu ndi choti anthu asanamizidwe: makina sakhala otseguka onse. Intel ME ikadalipo, ndi kapurosesa kena mkati mwa chipset kamene kamadzuka purosesa yaikulu isanadzuke nkomwe, code yake ndi yosainidwa ndi Intel ndipo mukaifufuta yonse makina amazima okha pakatha mphindi 30. Chimene chimatheka ndi me_cleaner ya Nicola Corna, imadula zambiri nkusiya kachigawo kochepa kofunika podzutsa makina, ndipo pa Ivy Bridge imadula kwambiri moti malo ambiri a mu tchipi ya 8MB ija amatsala opanda kanthu. Microcode ya purosesa nayo ndi yotseka, ine ndimaiika chifukwa imakonza zolakwika zenizeni za mu silicon ndipo sindiona phindu loikana. Kenako pali EC, katchipi kena koyang'anira kiyibodi, fani ndi batire, coreboot siikhudza firmware yake. Izi zikutanthauza zinthu ziwiri. Whitelist ya WiFi ija, imene BIOS ya kufakitale imakana nayo khadi yachilendo ndi error 1802, imatha mukaika coreboot chifukwa inali mu BIOS, mutha kuika khadi iliyonse yokwana pa slot. Koma kukana kutchaja mabatire osakhala a kampani kuli mu EC, coreboot siikuchotsa, pamafunika patch ya thinkpad-ec ya Hamish Coleman ndipo imeneyi muichite BIOS yakale ikadalipo chifukwa ndi imene imalemba EC. Anthu ambiri amadziwa zimenezi mochedwa ataflasha kale, nde ndabwereza dala: za EC zonse malizani kaye, coreboot pambuyo.

Tizinthu tina tating'ono. Pa SeaBIOS palibe menyu ya setup ija yodina F1, pali kamenyu kosankha poyambira basi, ma setting ena mumasintha ndi nvramtool kapena kuchitanso compile. Windows imene inaikidwa mu UEFI siiyaka pa SeaBIOS, ngati Windows ndi yofunika kwa inu pitani ndi edk2. Komanso mukatsegula descriptor ndi ifdtool kuti muzitha kuchita update kuchokera mu Linux momwemo, dziwani kuti flash yatseguka kwa aliyense amene ali ndi root pa makinawo, ndi zokoma poyesa zinthu koma si chitetezo, amene akusunga zinthu zachinsinsi aganizire zotseka flash kapena Heads.

Funso limene limabwera nthawi zonse ndi lakuti nanga pa laputopu yanga ya HP kapena Dell yatsopanoyi zitheka? Kawirikawiri yankho ndi ayi, ndipo chifukwa chake chili pa gawo loyambirira lomweli. coreboot si ngati Linux yoti flash disk imodzi imayaka paliponse, bodi iliyonse imafuna port yakeyake, kutanthauza code yolembedwera bodi imeneyo, chifukwa ma GPIO, EC, ma adiresi a SPD ndi mawaya a RAM ndi osiyana. Pamwamba pa izo kuyambira nthawi ya Haswell kuli Intel Boot Guard, wopanga makina amawotchera hash ya kiyi yake mu ma fuse a chipset ndipo bootblock ikakhala yosasainidwa ndi kiyi imeneyo makina sayaka, bootblock yanu siifika nkomwe poti igwire ntchito. T440p inapulumuka ndipo ili ndi coreboot, raminit yake kwa nthawi yaitali inali binary yotseka, mrc.bin, yochotsedwa mu image ya Chromebook mpaka Angel Pons atalemba yotseguka imene Libreboot imagwiritsa ntchito. T480 inatheka kumapeto kwa 2024 kudzera mu deguard ya Mate Kukri imene imalambalala Boot Guard podzera mu chibowo cha ME, koma RAM yake imadzutsidwa ndi FSP. Nde mukafuna makina amphamvuko T480 ndi yabwino, mukafuna oti gawo lodzutsa RAM muliwerenge nokha ndipo code yake yapsa kwa zaka zambiri, X230, T430 ndi X220 zikadali pamalo pake.

Pa maliki 10 ndikuipatsa 8. Awiri ndachotsa chifukwa cha kukhala chete kuja ikafera mu romstage ndi chifukwa choti kuika kwake kumafuna zida ndi dzanja lokhazikika. Amene amakonza makompyuta, ophunzira za electronics kapena computer engineering, ndi aliyense amene ali ndi X230 yongokhala mu kabati, yesani, muphunzira zambiri za mmene kompyuta imadzukira kuposa zimene slide za mkalasi zimaonetsa. Amene laputopu yanu ndi imodzi yomweyo yodyera ndipo mawa muli ndi ntchito yoti mupereke, dikirani kaye mpaka mupeze ina yobwerekera.

Ngati mukupereka kwa amisiri a mafoni ndi ma laputopu kuti akuflashireni, ambiri a iwo programmer ali nayo kale poti amaigwiritsa ntchito pokonza BIOS zowonongeka, ntchito yake ndi yomweyo. Auzeni kuti awerenge matchipi onse awiri asanalembe, inu muli pomwepo muone ma checksum akufanana, ndipo mafayilo awiriwo, ya 4MB ndi ya 8MB, akupatseni pa flash disk yanu. Asakuikireni dump ya makina a munthu wina mu tchipi ya 8MB, mutenga MAC adiresi ya eni ake, ndipo fayilo yanu yeniyeni ikasowa palibe kumene mungakaitsitse.